Alendo Amakuonani Pamsuku

Amayi,

Kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ife kuno tilipo. Ndakhala pakhonde la nyumba yanu masana ano a Lachitatu, mvula yangokata kumene, madzi akudonthabe kudenga. Papita zaka zitatu chikuperekezereni kumanda ndi misozi yathu, koma lero ndiye ndapeza mtima wokulemberani.

Ndiyambe ndi zokoma. Alamu anga, akazi a achimwene a Lameki, anachira mu Okutobala. Ndi mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu, Edina. Ine kumuitana ndi dzinalo kumandivuta, ndimangoti "mwana". Makutu ndi anu enieni, ang'onoang'ono opindikira kutsogolo. Kachewere chaka chatha anachita bwino kumunda wakumtunda, tinakagulitsa ku Lizulu matumba angapo, koma wa kudimba anapsa ndi chiwawu. Chimanga pano chamasula, ndipo ngati mvula siinyanya tidya. Mbuzi yanu ya nyanga yopindika ija inafa ndi ukalamba, koma inasiya ana awiri amwano ngati iyo yomwe. Khitchini ikudontha pakona pamene munkaika nkhuni. Ndakhala ndikunena kuti ndifolera, sindinafolerebe.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi nkhani ya njira.

Mukuikumbuka njira yathu yotsikira ku Sharpevale, yodutsa kumtunda kwa manda, nkukhota pamtengo wa msuku. Munandiyendetsamo ndili wamng'ono, inu dengu la kachewere pamutu, ine kathumba. Tikafika poterera munkati, "Eneresi, ponda pamene ndaponda ine." Ndikaima kuti ndione minda ya mpunga ya ku Bwanje ikubiriwira kumunsi, munkandikoka dzanja: "Mpungawo suthawa, yang'ana mapazi ako."

Ndi njira yomweyo imene tinakutsitsiranimo m'mawa uja chifuwa chitakupanani. Achimwene anakukhazikani pakaliyala ya njinga yakuda imene abambo anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ine ndinakumangani ndi chitenje kuti musagwe. Iwo ankagwira mahandulo ndi mabuleki, ine ndikukuchirikizani kumbuyo. Titafika pamsuku munati, "Tanditsitsani ndipumeko." Tinakutsitsani. Munaika mutu pamiyendo panga, duku lanu loyera la kumpingo litapendekeka. Ndinkalikonza dukulo pamene ndinazindikira kuti mwasiya kupuma. Dzuwa linali litangotuluka, mbalame zikulira ngati palibe chachitika.

Patatha chaka, tsiku lina Loweruka, anafika pakhomo pano amuna awiri a ku Lilongwe ali panjinga zachilendo, za matayala onenepa, kumutu atavala zipewa zolimba. Anali atasochera. Ndinachita zimene munkandiphunzitsa, zoti mlendo azimwa kaye madzi tisanamufunse kumene akupita. Atamwa, wina anafunsa ngati pali njira yotsikira kuchigwa yosadzera kumsewu. Amayi, ndinawalozera ndi dzanja langa lomweli. Ndinawaperekeza mpaka pamene mtsetse umayambira.

Loweruka lotsatira anabwera asanu ndi mmodzi. Anati njira yathu aiika m'mafoni, aliyense wokonda masewera a njinga zam'mapiri akutha kuiona. Ine ndinaseka. Zoti munthu angachoke m'tauni pagalimoto, njinga ataimangirira pamwamba, kudzangotsetsereka m'njira imene ife timayendamo chifukwa chosowa kuchitira mwina, sindinazimvetse. Koma ankabwera ndithu. Anapezanso njira ya kudambo ndi ija ya abusa a ng'ombe, nazilumikiza zonse zitatu. Mudzi unasankha komiti yoyang'anira njirazo, wapampando a Chimbalanga, aphunzitsi opuma aja, ndipo ine anandiika pachipata. Chipatacho ndi nsungwi yopingasa pamitengo iwiri, pafupi ndi bwalo la mpira. Ntchito yanga ndi kulandira alendo, kuwauza za njira, nkukweza nsungwi.

Sindikunamizani, zabwino zinabwera. Amayi a m'mudzi muno amagulitsa kachewere wowiritsa, nthochi ndi mandasi pabwalo pomwepo, osasenza mpaka ku Lizulu. Mjigo umene unafa inu mulipo unakonzedwa. Achimwene anamanga kashedi kokonzeramo njinga, ndipo manja awo aja amene ankangodziwa khasu pano amalumikiza tcheni mosayang'ana. Maganizo awo opita ku Joni anawasiya. Ndinkati mukanakhalapo mukanakondwa.

Kenaka anachuluka. Loweruka lina magalimoto anadzaza bwalo lonse, anyamata a mpira anasowa posewerera. Njinga zinkatsika motsatizana ngati mbuzi zotuluka m'khola, ndipo sizilira belu, Amayi, umangomva mphepo kumbuyo. Amayi osenza nkhuni anaphunzira kudumphira m'tchire. Nkhuku zinafa zingapo. Tsiku limene tinkaika a Nachisale, anzanu oimba nawo aja, bokosi lili pamapewa, tikuimba, gulu la njinga linatulukira kutsogolo kwathu. Anaima, inde, ena anavula zipewa, koma mmodzi anatulutsa foni nkuyamba kujambula. Nyimbo inafera pakamwa.

Njira nayo inayamba kutha. Mapazi athu anaiyenda zaka zonsezo osaikumba, koma matayala akamagwira mabuleki pamalo amodzimodzi amapala dothi. Pakati pa njira panabadwa kangalande. Poyamba kanali kongokwana phazi, kenaka kanafika m'akakolo, kenaka m'mawondo.

Tsopano ndikuuzeni chimene chandisowetsa mtendere.

Tsiku lina mlendo wina, bambo wa imvi zake, atakwera kubwerera kuchokera kuchigwa, anabwera pachipata nkundiuza mwaulemu kuti, "Mayi, muwauze agogo aja asamakhale pakona paja. Tidzawagunda tsiku lina."

Ndinafunsa kuti agogo ake ati.

"Amakhala pamizu ya msuku. Ovala duku loyera."

Ndinawayankha kuti ndiwauza. Atachoka ndinakhala pansi pamwala. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mwina ndi a Nasiketi okatola nkhuni, pajatu nawonso amavala loyera. Ndinakawafunsa, iwo anati chiwavutireni bondo sanatsikeko. Patapita milungu itatu mtsikana wina wa ku Blantyre ananenanso zomwezo. Kenaka mzungu wina, kudzera mwa mnzake womasulira. Anthu osadziwana, obwera masiku osiyana. Onse ankati agogowo sayankhula, sakweza dzanja, amangoyang'ana kumtunda kumene njinga zikuchokera, ndipo ukawaona umagwira mabuleki usanaganize.

Ndinatsikirako ndekha, osati kamodzi. Ndinapita m'mawa nkhungu isanachoke, ndinapita masana, ndinapita dzuwa litapendeka. Ndinkapeza mizu, masamba ouma ndi mikwasa ya matayala basi. Ndinakuitanani. Ndinakhala pamalo pomwe ndinakhala tsiku lija. Palibe. Ndikuvomera, Amayi, ndinakwiya nanu. Anthu a ku Lilongwe osadziwa ngakhale dzina lanu akukuonani, ine amene ndinakutsekani maso ayi. Ndinayamba kuganiza kuti mwandifulatira chifukwa ndine ndinalozera alendo malo amene munatsirizikira.

Ndinauza achimwene. Iwo anali akupopa tayala, sanadzutse mutu. "Zamaloto zimenezo," anatero. "Usamazinene pagulu, uthawitsa anthu."

Mvula yoyamba ya dzinja lino inagwa yamphamvu kumapeto kwa Novembala. Kutacha, mmodzi wa adzukulu okumba manda anabwera kudzandiitana, ati akuluakulu alola kuti tilowe, pali choti ndione. Ngalande ya m'njira ija inali itatenga madzi onse a kuphiri nkuwakhuthulira kumanda. Anadutsa pakati pa mitumbira, nadya mbali imodzi ya wanu. Mtanda unali utawerama, mbale yanu ya enamulo imene tinaika pamwamba ndinaipeza kumunsi m'matope. Sanafike pa inu, adzukulu ananditsimikizira, koma anatsala pang'ono. Tinakwirira, tinaika miyala. Mbaleyo ndinaitsuka nkuibwezera pamwamba.

Pamsonkhano wa komiti ndinapempha kuti njira itsekedwe mpaka mvula itatha, ndipo ikadzatsegulidwa tizilola anthu ochepa patsiku. Achimwene anaimirira nkunditsutsa pamaso pa onse. Anati Disembala ndi pamene alendo amachuluka chifukwa cha tchuthi, tikawabweza apita kwina ndipo sadzabweranso. Amayi ogulitsa aja anali mbali yawo, ndipo sindikuwada, ana awo amadya pamenepo. A Chimbalanga anayesa kutigwirizanitsa: njira ikhale yotsegula, koma anthu makumi awiri okha patsiku, ndipo wowerenga ndi ine.

Loweruka lachiwiri la Disembala kunacha kuli mitambo, usiku wake mvula itagwa. Pofika nthawi ya kadzutsa makumi awiri anali atakwana. Ndinatsitsa nsungwi. Magalimoto anapitirira kubwera. Anthu anaima pachipata, ena akuchonderera, ena akuseka ngati ndikuchita nthabwala. Achimwene anachoka pashedi, manja ali bii ndi girizi, nkundiyankhula motsitsa mawu.

"Mlongo, anthuwa achokera kutali. Ukundichititsa manyazi. Lero lokha."

Mumandidziwa, Amayi, kuwakaniza achimwene sindinaphunzirepo. Ndinakweza nsungwi. Ndinasiya kuwerenga nditapitirira makumi asanu.

Womaliza kulowa anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, dzina lake Tadala. Anandiuza akumwetulira kuti nkoyamba kubwera, anzake amuuza kuti kuno nkokoma. Ndinamuuza kuti pamsuku atsike ayende pansi. Anati wamva.

Sipanapite nthawi, mmodzi wa anzake anabwera akuthamanga wapansi, akukuwa kuti munthu wagwa. Sindinafunse kuti wagwera pati. Ndinathamanga, matope akuterera, njira yonse itasanduka phala chifukwa cha matayala onse aja. Ndinamupeza Tadala atagona pansi pa msuku, pakati pa masuku ogwa, njinga ili m'ngalande tayala lakutsogolo litapindika. Mwendo wake unali utakhota pamene mwendo sukhota. Magazi ankatuluka pachipumi. Anzake anali patsogolo pamene ankagwa, mmodzi yekha ndi amene anabwerera nkumupeza, ndipo ndi uja anathamangira kwa ine. Mtsikanayo anali yekhayekha.

Ndinakhala pansi, ndinaika mutu wake pamiyendo panga. Nditakweza maso ndinaona kuti ndakhala pamuzu womwe uja, kuyang'ana mbali yomwe ija. Kulemera kwa mutu wake kunali kumodzimodzi. Ndinayamba kupemphera mokweza, mawu osalongosoka, kuti Ambuye asandichitenso izi kawiri pamalo amodzi.

Anatsegula maso. "Musandisiye, amayi."

"Sindikusiya, mwanawe."

Anayang'ana uku ndi uku. "Nanga agogo aja apita kuti?"

Ndinati palibe agogo pano.

"Analipo. Ndi amene anandivula chipewa. Ankandiuza kuti ndisagone."

Ndinatembenuka. Chipewa chake chinali pamuzu wina, chitakhazikidwa bwinobwino, lamba wake atamasulidwa. Mwina anavula yekha osadziwa, munthu akamenyetsa mutu amaona zambiri. Ndadziuza zimenezi kambirimbiri. Koma mawu amenewo, Amayi, oti "musagone", ndi amene ine ndinkakuuzani inu m'mawa uja.

Amuna anafika, achimwene ali patsogolo. Apa ndi pamene ndinazindikira chinthu chimene ndinali ndisanachione zaka zitatu zonsezi: iwo chikuikireni anali asanatsikepo njira imeneyi. Ankakonza njinga pamwamba, akafuna kupita kuchigwa ankazungulira kumsewu. Atafika pamsuku anaima, nkhope itachita phulusa. Kenaka anadula mitengo iwiri, tinamanga machira ndi zitenje zathu, iwo anagwira kutsogolo. Wina anati timukweze panjinga, tifulumira. Achimwene anakuwa mawu amene sindinawamvepo: "Panjinga ayi!"

Tinatsika naye pang'onopang'ono, amuna akusinthana, koma achimwene anakana kulandiridwa mpaka kuchigwa. Ine ndinkayenda pambali ndikumuyankhulitsa Tadala, kumufunsa za kwawo, za amayi ake, chilichonse choti asatseke maso. Kutentha kwa ku Bwanje kunatilandira, thukuta likuyenderera. Tinafika kuchipatala cha ku Sharpevale ali moyo. Anamwino anamumanga mwendo ndi bala lija, kenaka galimoto inamutengera kuchipatala chachikulu. Ndinaima pakhomo pamene inu simunafike, ndinalira mpaka mayi wina wodikirira odwala anadzandigwira paphewa.

Pobwerera tinatsala awiri, ine ndi achimwene, kukwera chitunda chija dzuwa likupendeka. Tinafika pamsuku. Pamenepo iwo anakhala pansi, nkuphimba nkhope ndi manja.

"Amayi ndinawapha ndine," anatero. "Unaona wekha mmene njinga inkadumphira m'miyala. Iwe unati tipange machira, ine ndinati njinga ifulumira."

Ine ndinali nditaiwala zoti ndinanenapo zimenezo. Ndinawauza kuti chifuwa chanu chinali chitatha kale, ngakhale tikanakunyamulani m'manja. Anapukusa mutu.

"Ndimafuna njira imeneyi idzaze anthu, Eneresi. Idzaze phokoso, kuseka, chilichonse. Kukakhala zii ndimamva kaliyala ija ikulira."

Ndinakhala pambali pawo. Zaka zitatu tinkadyera pamodzi, aliyense atasenza chake, osauzana. Tinatola masuku angapo tinadya, chifukwa chiyambire m'mawa tinali tisanalawe kanthu.

Msonkhano wotsatira sunatalike. Achimwene ndi amene anayamba kuyankhula, anati mlandu wa tsiku lija ndi wawo. Ine ndinati nsungwi ndinakweza ndine. Tinagwirizana kuti njira ya pamsuku itsekedwe kufikira mvula itatha. Ikadzatsegulidwa, makumi awiri patsiku, olowa m'magulu ang'onoang'ono motalikirana, ndipo ofuna kubwera aziyamba aimba foni kwa a Chimbalanga asananyamuke kwawo. Lamulungu m'mawa palibe njinga. Tsiku la maliro palibe njinga. Chigawo chodutsa kumtunda kwa manda tachisiya, amuna akulambula china chozungulira kuseri kwa thanthwe, ndipo m'ngalande yakale tathiramo miyala nkubzala udzu wa vetiva m'mizere. Amayi ogulitsa ena sanakondwe. Mmodzi mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali. A Chimbalanga akuti alendo otsala tiziwatumiza njira ya kudambo, imene ili yafulati, kuti malonda asafe. Sindikudziwa ngati zitheka.

Loweruka loyamba titatseka anabwera bambo wina ndi ana ake awiri, uthenga sunamupeze. Anakalipa, ati wawotcha mafuta kuchokera ku Blantyre, njira ya m'phiri ilibe mwini. Ndinamupatsa madzi, ndinamuuza kuti pepani, koma nsungwi sindinaikhudze. Atapita ndinaona achimwene ataima pakhomo pa shedi, anandigwedezera mutu kamodzi nkulowa.

Tadala anaimba foni sabata yatha. Akuyenda ndi ndodo, akuti adokotala amulonjeza kuti adzayenda bwino. Anafunsanso za agogo aja, akufuna kudzawathokoza ndi chitenje. Ndinamuuza kuti abwere nacho, ndidzawaperekera.

Pano phiri lili chete. Udzu wayamba kumera m'mikwasa ya matayala. Amayi a m'mudzi akutsika ndi madengu awo osacheuka. Ndimapitabe pamsuku Lachitatu lililonse, lero ndachokerako, ndipo sindinaone kanthu monga mwa masiku onse. Koma mkwiyo uja watha. Ndaganiza kuti mwina simunandifulatire. Mwina ine simundionekera chifukwa mukudziwa kuti njirayi ndimaidziwa, munandiphunzitsa nokha. Amene mumawakhalira pamenepo ndi ana a eni, obwera mothamanga, osadziwa pamene pali poterera.

Ngati ndi choncho, Amayi, mwagwira ntchito yokwana. Munasenza moyo wanu wonse, simuyenera kukhalanso pamizu yozizira kulondera alendo amene ndinaitana ndine. Ntchito imeneyo ndisiyireni. Ndikulonjeza kuti mvula ikatha, nsungwi ikadzayambanso kukwera, ndidzawerenga mmodzimmodzi, ndipo wa makumi awiri akadzadutsa ndidzaitsitsa, kaya apemphe ndi ndani. Inu kapumuleni.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Eneresi